Diso Lozimitsidwa ndi Matenda a M'mphuno

Mphuno ndi diso n'zoyandikana kwambiri kuposa mmene nkhope imaonetsera. Mkati mwa mafupa a nkhope muli timapanga todzaza mpweya, tolumikizana ndi mphuno kudzera m'timakomo tating'ono. Achipatala amatitcha masainasi, ndipo dzinali lafala moti munthu wotsekekatsekeka m'mphuno amangoti "ndili ndi masainasi", ngati kuti ndi dzina la nthenda, chonsecho munthu aliyense ali nawo. Timapangati tili m'magulu anayi mbali iliyonse ya nkhope. Phanga lalikulu koposa lili m'tsaya, kunsi kwa diso. Lina lili pamphumi, pamwamba pa nsidze. Pakati pa maso awiri pali tina tambiri tothithikana ngati zisa za njuchi, totchedwa ethmoid, ndipo lakuya kwambiri, lotchedwa sphenoid, lili pakatikati pa mutu, kuseri kwa mphuno, kunsi kwa ubongo.

Diso limakhala m'dzenje la fupa, ndipo dzenjeli lazingidwa ndi timapangati pamwamba, pansi ndi cha kumphuno. Khoma lolekanitsa diso ndi ethmoid ndi lopyapyala moti dzina lake la Chilatini, lamina papyracea, limaliyerekeza ndi pepala. Munthu akakhala bwino, khungu lonyowa la mkati mwa timapangati limatulutsa mamina ochepa, ndipo tiubweya tosaoneka ndi maso timawasesera kukhomo n'kuwatsitsira kummero mwini wake osadziwa. Khomo likatupa n'kutsekeka, mamina amasowa kotulukira. Nthawi zambiri zimathera pa chimfine chokhalitsa ndi mutu wolemera powerama. Mwa apo ndi apo zimafika pa diso.

Mtsempha woonera

M'Chichewa mawu oti mtsempha amatanthauza njira ya magazi komanso chingwe chonyamula mauthenga a thupi. Wokambidwa pano ndi wachiwiriwu. Diso palokha siliona. Limangolandira kuwala pa kansalu ka kumbuyo kwake kotchedwa retina, ndipo uthenga umapita ku ubongo kudzera mu mtsempha woonera. Mtsemphawu ndi wautali masentimita pafupifupi 5, wonenepa mamilimita 3 kapena 4, koma mkati mwake muli tiulusi toposa 1 miliyoni, kalikonse kokutidwa ndi chikuto cha mafuta monga waya wa magetsi amakutidwira ndi pulasitiki.

Ukachoka kumbuyo kwa diso, mtsemphawu umayamba wadutsa m'mafuta ofewa momwe uli ndi mpata wogwedera. Kenako umalowa m'kangalande ka fupa kotalika pafupifupi sentimita 1, ndipo m'menemo mulibe mpata ngakhale pang'ono. Kangalandeka kamadutsa m'khoma lenileni la sphenoid. Mwa anthu ena fupa lotchinga pamenepo ndi lopyapyala zedi, ndipo mwa ena ochepa palibiretu, mtsempha wangophimbidwa ndi khungu lonyowa la m'phangamo. Dokotala wa ku Budapest, Adolf Ónodi, anafufuza kuyandikana kumeneku kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, n'kuonetsa kuti mwa anthu ena kaphanga kotsiriza ka ethmoid kamakula chammbuyo mpaka kukumbatira mtsemphawo. Kaphangako kamadziwikabe ndi dzina lake, ndipo dokotala aliyense wochita opaleshoni ya m'mphuno amayamba wakafunafuna pa chithunzi asanagwire chitsulo.

Chofunika kudziwa pa mtsemphawu n'chakuti ndi nthambi ya ubongo weniweni. Mtsempha wa pamkono ukadulidwa n'kusokedwa umatha kuphukanso pang'onopang'ono, koma kaulusi ka mtsempha woonera kakafa kafa. Nkhani yonse ya kuonanso pambuyo pa opaleshoni yagona pa kusiyana kwa tiulusi takufa ndi tiulusi tongofooka.

Mmene nthenda imafikira pa diso

Njira yofala kwambiri ndi ya mafinya, ndipo imakonda ana. Mwana amabadwa ali kale ndi ethmoid, pamene phanga la pamphumi limayamba kuoneka ali ndi zaka pafupifupi 6 kapena 7, n'chifukwa chake mwa ana vuto limachokera pakati pa maso. Chimfine chimatenga masiku, kenako tsiku lina chikope chimatupa n'kufiira, thupi n'kutentha. Mu 1970 dokotala wa ku America, James Chandler, ndi anzake anagawa vutoli m'magawo asanu amene akugwiritsidwabe ntchito: kutupa kwa chikope chokha, kutupa kwa mnofu wa m'dzenje la diso, chithupsa pakati pa fupa ndi kakhungu kokuta fupalo, chithupsa m'kati mwenimweni mwa dzenje, ndi kuundana kwa magazi mu mtsempha waukulu wa kuseri kwa maso, komwe kumaika moyo pachiswe. Dzenje la diso ndi fupa, silifutukuka. Mafinya akachuluka amakankhira diso kunja, mtsempha woonera umakokeka n'kufinyika, ndipo timitsempha ta magazi toudyetsa timatsekeka. Retina ikasowa magazi kotheratu imayamba kuwonongeka pasanathe maola awiri.

Njira yachiwiri ndi yachete, ndipo imapezeka mwa akuluakulu. Khomo la phanga likatsekeka kwa zaka, mwina chifukwa cha tinthenda ta kale, tizotupa ta m'mphuno, kapena kuvulala kumaso pa ngozi ya njinga yomwe mwini wake anaiwala kale, mamina amapitiriza kupangidwa n'kumadzaza. Phanga limasanduka thumba lotchedwa mucocele, lomwe limakula pang'onopang'ono n'kumadya fupa lolizungulira. Matumba ambiri otere amamera pamphumi ndi pa ethmoid, ndipo amakankhira diso pansi ndi kumbali, zomwe abale amaziona msanga. La mu sphenoid ndi losowa, koma ndilo lonyenga koposa, pakuti kunja sikuoneka kanthu. Diso limakhala loyera bwinobwino, wodwala amangodandaula mutu wowawa paliwombo, kunkhongo kapena kuseri kwa diso, kuona kukuchepa.

Njira yachitatu ndi ya chuku, cha mtundu womwewo umene umagwira chimanga ndi fodya wosauma bwino. Njere zake zili paliponse mumpweya ndipo thupi lamphamvu limathana nazo. Mwa anthu ena thupi limalimbana nazo mopitirira muyeso, m'timapanga n'kudzaza zinthu zolimba ngati chiponde zomwe zimafutukula mafupa. Mwa munthu wa matenda a shuga osasamalidwa bwino, kapena amene chitetezo cha thupi chatsika kwambiri, chuku china chimalowa m'mitsempha ya magazi n'kuoletsa mnofu m'masiku ochepa. Dziko lonse linamva za nthendayi, mucormycosis, mu 2021, pamene inagwira anthu masauzande ambirimbiri ku India mkati mwa mliri wa Covid-19, ndipo ambiri anataya maso. Palinso zotupa za khansa zomera m'timapangati. Mwa ana a kuno ku Malawi, khansa ya Burkitt, imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, imatha kutupitsa nsagwada kapena kutong'ola diso mofanana ndi mafinya.

Zizindikiro pakati pa fumbi

Dera ngati Santhe, m'boma la Kasungu, limaonetsa bwino chifukwa chake nthendayi imachedwa kudziwika. Kuyambira miyezi yothyola fodya mpaka msika wa fodya wa ku Chinkhoma utatsekulidwa, mabanja amakhala m'zigafa: kusoka, kupachika pamikangala, kutsitsa, kusankha, kumanga ndindi ndi kudinda mabelo. M'chigafa mumakhala fumbi la masamba, ndipo olima fodya wowotcha amaonjezerapo utsi wa kubalani. Ikatha ntchitoyi kumabwera kuzizira kwa Juni ndi Julaye ndi chimfine chake, kenako fumbi la chilimwe. Fumbi ndi utsi sizichititsa khungu pazokha, koma zimatupitsa khungu la m'mphuno ndi kufooketsa tiubweya tosesa tija. Choipa kwambiri n'chakuti pamalo pomwe aliyense akuyetsemula ndi kumina, munthu wotsekeka mphuno ndi mutu wowawa sadabwitsa aliyense. Amagula panado pagolosale, amafukiza masamba a bulugamu, ntchito n'kumapita.

Zizindikiro zosiyanitsa chimfine wamba ndi choopsa zilipo, ndipo zambiri sizifuna makina. Diso limatuluka kuposa linzake kapena limakanika kuyenda mbali ina. Munthu amaona zinthu ziwiriziwiri, kapena amamva kuwawa akatembenuza diso. Mamina a mafinya amatuluka mbali imodzi yokha ya mphuno. Pakati pa chinthu choyang'anidwa pamakhala kamtambo. Chizindikiro china chimabwera msanga, nthawi zina munthu akuwerengabe bwinobwino: mitundu imazimiririka, makamaka wofiira. Wosankha fodya ali ndi mwayi pamenepa, poti ntchito yake yonse ndi ya mitundu. Tsamba lofiirira likamaoneka lowala ndi diso limodzi koma lotuwa ngati phulusa ndi linalo, vuto silili patsambalo. Tsoka lake, diso labwino limabisa lodwala, ndipo ambiri amazindikira mwangozi, potikita diso kapena poliphimba kachitsotso katalowa.

Wachipatala ali ndi njira yachidule yotsimikizira. M'chipinda chamdima amawalitsa tochi m'diso limodzi, n'kuisamutsira msanga kulinalo, n'kubwereza. Kamwana ka m'diso labwino kamachepa kakalandira kuwala. Ngati mtsempha wa mbali ina wafooka, tochi ikafika mbali imeneyo kamwana kamakula m'malo mochepa. Kuyeza kumeneku kumatenga mphindi imodzi ndipo tochi ya pafoni imakwanira.

Si khungu lililonse la mtsempha lomwe limachokera m'mphuno. Kachasu wambiri pamodzi ndi fodya ndi kusadya mokwanira zimafooketsa mitsempha yoonera, ndipo mankhwala a TB otchedwa ethambutol amatero mwa odwala ena. Koma zimenezi zimagwira maso onse awiri ndipo sizipweteka. Vuto la m'timapanga nthawi zambiri limayamba mbali imodzi. Silifanananso ndi ng'ala, yomwe imaoneka yoyera pakamwana ka m'diso ndipo imatha kudikira miyezi osawononga mwayi woonanso. Anthu ambiri a m'chigawo chapakati amadziwa wina amene anapita kuchipatala cha Nkhoma ndi ng'ala ya zaka n'kubwerako akuona, ndipo mbiri yabwinoyi imatha kupusitsa wodwala mtsempha kuti adikire kaye ndalama za fodya.

Kuchedwa kwina kumabwera ndi mankhwala odonthezera m'diso. Kafukufuku wofalitsidwa mu 1994 anapeza kuti m'midzi ya m'Malawi, pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu aliwonse a zilonda za pagalasi la diso anali atathiramo mankhwala achikuda. Pa nthenda ino, madzi a zitsamba ngakhalenso mafuta a maso a kuchipatala amagwera pamalo opanda vuto, chifukwa chofinya mtsempha chili masentimita angapo kuseri.

Ulendo ndi opaleshoni

Wodwala wa ku Santhe amayambira pachipatala chaching'ono cha pomwepo, n'kutumizidwa kuchipatala cha boma ku Kasungu, komwe kumapezeka ogwira ntchito za maso. Akamuganizira vuto la kuseri kwa diso amamutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli chipatala cha maso cha Lions. Msewu wa tala wodzera ku Kasiya unafupikitsa ulendo wa pakati pa Santhe ndi likulu, koma sitepe iliyonse ya kutumizidwaku ingadye tsiku. Chojambulira cha X-ray wamba sichionetsa bwino sphenoid. Pamafunika sikani ya CT, yomwe imaonetsa mafupa a mutu magawomagawo, ndipo imapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha. Madokotala a makutu, mphuno ndi mmero ndi ochepanso. Kwa zaka zingapo Dr Wakisa Mulwafu wa kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anali katswiri yekhayo wa Chimalawi pa ntchitoyi m'dziko lonse, ndipo njira imodzi yotsekera mpatawo yakhala kuphunzitsa ma clinical officer ntchito za makutu, mphuno ndi mmero kuti azipezeka m'maboma.

Pa mafinya, chithandizo chimayamba ndi mankhwala opha tizilombo olowetsa m'mtsempha wa magazi, ndipo wodwala amayezedwa kuona maola angapo aliwonse. Chithupsa chaching'ono mwa mwana wamng'ono chimatha kuphwa ndi mankhwala okha. Koma kuona kukayamba kutsika, kapena pakapita maola 24 mpaka 48 popanda kusintha, amapita naye ku fiyeta. Pa mucocele mankhwala sathandiza konse. Pa chuku choolesa mnofu pamafunika zonse ziwiri, kuchotsa mnofu wakufa ndi kupereka mankhwala amphamvu otchedwa amphotericin B, komanso kutsitsa shuga.

Kale madokotala ankacheka pakhungu, pakati pa mphuno ndi ngodya ya diso, ndipo njirayi ikupulumutsabe maso kumene kulibe zipangizo zatsopano. Njira yodzera m'mphuno inatheka katswiri wa magalasi wa ku Britain, Harold Hopkins, atakonza kandodo ka galasi koonetsa bwino mkati mwa thupi. Ndi kandodoka Walter Messerklinger wa ku Graz ku Austria anaphunzira mmene mamina amayendera, ndipo wophunzira wake Heinz Stammberger pamodzi ndi David Kennedy wa ku America anafalitsa njirayi m'zaka za m'ma 1980. Wodwala amagonetsedwa tulo. Dokotala amalowetsa kandodo konenepa mamilimita 4 m'mphuno, amatsegula timapanga ta ethmoid kamodzikamodzi chammbuyo mpaka kufika pa thumba, amaliboola, amayamwa zamkati n'kusiya khomo lalikulu kuti lisadzatsekekenso. Nthawi zambiri mtsempha weniweniwo saukhudza n'komwe; kuchotsa choufinya n'kokwanira. Nthawi zina amasenda fupa la kangalande kaja kuti mtsempha wotupa upeze mpata. Ndi ntchito yofuna dzanja lodekha, pakuti m'khoma lomwelo la sphenoid mumadutsanso mtsempha waukulu wopititsa magazi ku ubongo, ndipo denga la ethmoid ndi pansi pa chigaza.

Kubwerera kwa kuona

Thabwa likagwera pa mbande za fodya panazale, zimachita chikasu n'kugona. Likachotsedwa patapita masiku awiri zimadzuka. Likakhala mwezi, pansi pake pamatsala dothi lokha. Tiulusi ta mtsempha wofinyika timatero. Tina timangosiya kutumiza uthenga koma tili moyo. Tina chikuto chake cha mafuta chimasupuka. Tina timafa.

N'chifukwa chake kuona kumabwerera m'magawo. Gawo loyamba limabwera m'maola kapena m'masiku ochepa, pamene tiulusi tongokomoka tayambanso ntchito magazi atabwerera. Wodwala amene dzulo ankangoona dzanja likugwedezeka amatha kuwerenga zala kapena kuzindikira nkhope ya womudikirira, ndipo nkhani zodabwitsa zosimbidwa m'mawodi zimachokera pa gawo ili. Lachiwiri limatenga masabata mpaka miyezi ingapo, thupi likumanganso chikuto chosupuka chija, ndipo kusintha kwake n'kwapang'onopang'ono moti wodwala sakuzindikira. Chimaonetsa ndi tchati cha zilembo cha kuchipatala, chomwe Herman Snellen wa ku Utrecht anakonza mu 1862. Pa tchatichi 6/6 ndi kuona kwabwino, 6/60 ndi kuona pa mamita 6 chimene wina amachiona pa mamita 60, ndipo wosafika pa 3/60 ndi diso lake labwino amawerengedwa wakhungu malinga ndi muyeso wa World Health Organization. Gawo lachitatu ndi laling'ono, ndipo lingapitirire mpaka chaka. Mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha umagwira ntchito pano, opaleshoni itachitika. Isanachitike, kudekha komweko ndiko kumapha mtsempha.

Malipoti a zipatala za m'maiko osiyanasiyana amagwirizana pa zinthu zimene zimalosera zotsatira. Choyamba ndi nthawi: pa mafinya amawerenga maola, pa mucocele masiku, ndipo ochitidwa opaleshoni pasanathe sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono chiyambire kusaona ndiwo amapeza bwino kwambiri. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa kuona kotsala. Diso lomwe likusiyanitsabe kuwala ndi mdima lili ndi tiulusi tamoyo; losaona ngakhale tochi mwayi wake ndi wochepa, ngakhale alipo ena amene anaonanso atathandizidwa mwamsanga. Kuzima kwadzidzidzi n'koipa kuposa kwapang'onopang'ono, chifukwa nthawi zambiri kumasonyeza kuti magazi adukiratu. Chachitatu dokotala amachiona akasuzumira m'diso: mutu wa mtsempha wamoyo umaoneka wofiirira, ndipo tiulusi tikafa umayera, zomwe zimayamba kuoneka patapita masabata 4 mpaka 6. Mutu woyera mbee umatanthauza kuti zambiri zapita. Ngakhale zili choncho opaleshoni imachitikabe, kuti ululu uthe, thumba lisafike pa ubongo, ndiponso mtsempha wa diso linalo, womwe uli kutsidya kwa phanga lomwelo, upulumuke.

Kuona kobwerera sikukhala kofanana ndendende ndi kwa kale. Zilembo zimatha kubwerera mpaka 6/6 koma mitundu n'kukhalabe yofwifwa, kuwala kukuoneka kochepa ngati kwa madzulo, kapena kachigamba ka mdima n'kutsala mbali ina. Mandala sakonza zimenezi, popeza vuto silili pa galasi la diso. Mlimi wotere amalima ndi kupalasa njinga popanda vuto, koma posankha fodya amadalira diso linalo.

Masabata oyamba atachoka kuchipatala ali ndi malamulo ake. Wodwala samina mwamphamvu, chifukwa mpweya ungalowe m'dzenje la diso kudzera pa fupa lotseguka. Sanyamula katundu wolemera, sakoka jeke yodindira mabelo, salowa m'chigafa ndipo fodya wa m'mphuno amamusiya. Amatsuka m'mphuno ndi madzi owiritsa, ozizira, othira mchere pang'ono, monga momwe achipatala amuonetsera. Madzi oyera ngati a mvula akamadontha mbali imodzi ya mphuno powerama, makamaka pamodzi ndi mutu ndi kuuma khosi, abwerere msanga, poti angakhale madzi ozungulira ubongo. Mucocele ndi chuku zimatha kubwereranso patapita zaka, choncho masiku olembedwa m'buku la kuchipatala amasungidwa ngakhale munthu akumva bwino, ndipo kunyumba amayesa maso ake pophimba limodzi kenako linalo, akuyang'ana chinthu chofiira.

Wotsala ndi diso limodzi amavutika poyamba kuyerekeza kutalika kwa zinthu, monga pothira madzi m'kapu kapena potsika chitunda, koma ubongo umazolowera m'miyezi ingapo. Amalangizidwa kuvala magalasi oteteza powaza nkhuni, posula makasu ndi popopera mankhwala a m'munda. Ana amene maso onse awiri awonongeka amatha kupitiriza maphunziro pa sukulu ya osaona ya Chilanga, ku Kasungu komweko, komwe amaphunzira kuwerenga ndi zala zilembo za Braille.